Kachitsulo Kogwira Ekizozi

Pa njinga yamoto pali ziwalo zimene mwini wake amazisamala ngati mwana wakhanda, ndipo pali zina zimene saziyang'ana n'komwe kufikira tsiku limene zidzamuchititse manyazi pamsewu. Thanki amaipukuta m'mawa uliwonse, magalasi amawawalitsa, chishalo amachikuta ndi nsalu yokongola. Koma kunsi, chakumbuyo kudzanja lamanja, kumene kumafika fumbi ndi matope, kuli kachitsulo kosaposa chikhatho kukula kwake, kamene kamagwira ekizozi, paipi ija yotulutsa utsi, kuti isagwe. Amisiri timakatcha bulaketi. Ine ndatha zaka 50 ndikudula, kupinda ndi kuwotcherera zitsulo muno m'Ndola, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikambirane nanu awerengi za kachitsulo kameneka, popeza masiku ano mabanja ambiri ali ndi mwana woyendetsa njinga yamoto kapena mayi wokwera kumbuyo kwake.

Ndinafika kuno m'chaka cha 1974 kuchokera kwathu ku Katete, ndili mnyamata wa zaka 20. Nthawi imeneyo Ndola inali tauni ya mafakitale. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam inali itafika mu 1968, fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inali itangoyamba ntchito mu 1973, ndipo kunali mafakitale a matayala, a simenti, a laimu ndi a sopo amene ankafuna amisiri usana ndi usiku. Ine ndinalembedwa ntchito m'chipinda cha zitsulo cha fakitale ina, kumene ndinatha chaka chathunthu ndikungopala ndi tupa ndi kunyamulira akuluakulu zipangizo ndisanaloledwe kugwira makina owotcherera. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale ambiri anatsekedwa, yathunso pamodzi, ndipo ine ndi anzanga tinatuluka pageti tili ndi luso m'manja koma opanda kolowera. Ndinakhazikika ku Mushili, komboni ya kum'mwera kwa tauni imene ili ndi dzina la mfumu yaikulu ya Alamba, eni ake a dera lino, ndipo ndinalera ana anga ndi ndalama za mbaula, mafulemu a mazenera ndi mageti.

Kale njinga yamoto inali ya anthu owerengeka: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, ansembe ndi akatekisiti a m'maparishi akumidzi. Zambiri zinali za ku Japan, za Honda ndi Yamaha, n'chifukwa chake kwathu kum'mawa anthu ambiri amangoti "honda" ponena njinga yamoto iliyonse. Lero zachuluka zochokera ku India ndi ku China, zotsikirako mtengo, ndipo zasanduka khasu la achinyamata. Tsono njinga imene inapangidwa kuti inyamule anthu awiri ikapatsidwa ntchito ya ngolo, mwini wake amayamba kuisintha: apa atalikitsa, apo akweza, apo adula. Kusintha njinga sikulakwa ayi. Chovuta n'chakuti amene anaipanga kufakitale anaika chiwalo chilichonse ndi chifukwa chake, ndipo kawirikawiri wodula sadziwa kuti chimene akudulacho chinali kugwira ntchito ziwiri.

Mdzukulu wanga, mwana woyamba wa mwana wanga wamkazi, anagula yake kumayambiriro kwa chaka cha 2024, ya injini ya 150cc. Ndalama zina anasunga yekha, zina zinachokera ku chilimba chimene mkazi wake amasonkha ndi anzake. Ntchito yake ndi yotenga mazira, buledi ndi ndiwo zamasamba ku msika wa Masala n'kukatula m'timasitolo ta m'makomboni, tija anthu kuno amati tuntemba. Posakhalitsa kaliyala inamuchepera, choncho anapita nayo kwa mnyamata wina wowotcherera m'mbali mwa msewu. Mnyamatayo anatalikitsa kaliyala n'kuichirikiza ndi zitsulo ziwiri, koma chimodzi cha zitsulozo chinakumana ndi chitsulo chopondapo wokwera kumbuyo. Iye anangochidula n'kusunthira chopondapo kutsogolo, osalabadira kuti pa njinga zoterezi chitsulo chomwecho ndicho chimagwiranso sailensa, mbali yonenepa ija ya kumapeto kwa ekizozi. Mdzukulu wanga anapemphanso kuti amuikire sailensa ina yonyezimira ndi yolira kwambiri, ndi kuti aikweze m'mwamba kuopa zithaphwi za m'dzinja. Mmisiri uja anatola kachitsulo kopyapyala, nsonga ina n'kuwotcherera pa sailensa, inayo pa fulemu. Njinga inakongola ndithu, koma paja amati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Patangopita milungu itatu kachitsulo kanathyoka m'mbali mwa powotcherera. Anabwerera nayo, mnyamata uja anaunjikapo chitsulo chambiri, ndipo kanathyokanso chala chimodzi kuchokera pa mulu watsopanowo. Kachitatu sanapitenso kwa mmisiri, anangomanga ndi waya. Zonsezi ine sanandiuze, poti kwa ana a masiku ano tsabola wakale sawawa. Komabe khutu la mmisiri silikalamba. Tsiku lina akulowa pageti ndinamva kuti pamwamba pa kulira kwa injini pali kaphokoso kena kakuti phwi-phwi-phwi, kochokera kutsogolo pamene paipi imalumikizana ndi injini. Nditamufunsa anaseka nati, "Agogo, musadandaule, ikuyenda bwinobwino. Ndikonza ndikamaliza kubweza za chilimba."

Mu Seputembala, tsiku la sikelo ya ana, anatenga mkazi wake ali ndi khanda kumbuyo. Pobwerera analowa m'dzenje, waya anaduka, sailensa inapendekera kunja n'kumugunda mkaziyo pa katumba. Popeza kwathu kunali pafupi, anafikira pakhomo panga. Khungu linali litasupuka kukula kwake ngati dzira. Anthu oyandikana nafe anathamanga, wina ndi mankhwala otsukira mano, wina ndi dzira laliwisi, wina ndi mafuta ophikira. Agogo ake aakazi anawathokoza onse mwaulemu koma sanalole kanthu kalikonse kupakidwa pabalapo. Anakhazika mwendo m'beseni n'kumathira madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, kenaka anaphimba ndi nsalu yoyera n'kumuperekeza kuchipatala. Nchofunika kuti mayi aliyense adziwe zimenezi, pakuti madzi amachotsa kutentha kumene kumapitiriza kudya mnofu, pamene zopakazo zimangolowetsa litsiro. Bala linatenga pafupifupi mwezi kuti lipole, ndipo mwezi wonsewo mkaziyo sanathe kuimirira pa malonda ake. Khanda silinavulale, koma nditaganiza kuti sailensa ija ikanagwera mkati n'kulowa m'gudumu, tulo sindinatione usiku umenewo.

Madzulo a tsiku lotsatira mdzukulu wanga anabwera akukankha njinga, naiimika pansi pa mtengo wa mango, nakhala pansi mwakachetechete. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mnzanga, wandiwotchera mkazi wanga, tsono undilipira chiyani?" Mwa mwambo wathu gogo ndi mdzukulu ndi anthu oseka, ndipo mawu owawa amalowa bwino akakutidwa ndi nthabwala. Iye anayankha motsitsa mawu kuti, "Agogo, ndalakwa. Chonde mundiwotcherere inuyo kuti igwire kolimba, isadzagwedezekenso mpang'ono pomwe." Ndinamuuza kuti kulimba kumeneko ndiko kunathyola kachitsulo kawiri konse, ndi kuti ndisanagwire sowo ayenera kumva chifukwa chake.

Ekizozi ili ndi adani awiri, ndipo woyamba ndi kutentha. Utsi wotuluka mu injini umatenthetsa paipi kufika madigiri mazana angapo, makamaka pafupi ndi injini. Chitsulo chikatentha chimatalika. Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa njanji, imene inafika m'dera lino mu 1909, anaona timipata totsala pamene zitsulo ziwiri zikumana. Anatisiya dala kuti njanji ikatalika ndi dzuwa ipeze kolowera. Paipi yachitsulo yotalika mita imodzi ikatentha ndi madigiri 300 imatalika ndi mamilimita 3 kapena 4. N'zochepa m'maso, koma mphamvu yake ndi yoopsa. Paipi ikamangidwa nganganga kutsogolo pa injini ndi kumbuyo pa fulemu, m'mawa uliwonse imakankha ndipo madzulo alionse imakoka, kufikira pamene chofooka mwa zonse chidzagonje.

Mdani wachiwiri ndi kunjenjemera. Injini ya pisitoni imodzi imagwedezeka pa kuzungulira kulikonse. Ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi, ndiye kuti pa ola limodzi yagwedeza paipi ka 300,000, ndipo maola anayi asanakwane yadutsa miliyoni. Ndinakumbutsa mdzukulu wanga mmene ankadulira waya ali mwana popanga galimoto zoseweretsa: analibe chodulira, ankangopinda uku ndi uku mpaka waya atatentha n'kuduka. Zimene zimachitika pa bulaketi n'zomwezo, kungoti kupindikako n'kwakung'ono kosaoneka. Amisiri amati chitsulo chatopa. Kamng'alu kamayambira pamalo pamene mphamvu yaunjikana, monga pa ngodya yakuthwa, m'mbali mwa bowo kapena m'mphepete mwa powotcherera, ndipo kamakula pang'onopang'ono kufikira tsiku limene chotsala chidzathyoke kamodzi n'kamodzi. N'chifukwa chake kuunjika chitsulo pamene pathyoka sikuthandiza: kumangosamutsira kupindika kuja pambali.

Nzeru imeneyi anthu anaigula ndi maliro. M'chaka cha 1842, pafupi ndi Versailles ku France, chitsulo cholumikiza magudumu a mutu wa sitima chinathyoka paulendo ndipo anthu ambiri anafa. Patapita zaka, katswiri wina wa njanji wa ku Germany, August Wöhler, anapanga makina opinda zitsulo zotere mobwerezabwereza, napeza kuti katundu wochepa amene chitsulo chingamunyamule kamodzi popanda vuto amachithyola akabwerezedwa kambirimbiri. Ngakhale ndege sizinapulumuke. Comet, ndege yoyamba ya jeti yonyamula anthu, imene mu 1952 inkatera ku Livingstone paulendo wochokera ku London kupita ku Johannesburg, inaimitsidwa mu 1954 ndege ziwiri za mtunduwo zitasweka zili m'mwamba. Ofufuza anapeza kuti ming'alu inkayambira pafupi ndi ngodya za mazenera. Kuyambira pamenepo mazenera a ndege amakhala ozungulira m'makona, ndipo kapitawo amene anandiphunzitsa ntchito ankandibwezera chitsulo chilichonse chimene ndasiya ngodya yake ili yakuthwa.

M'mawa mwake tinayamba ndi kumasula ekizozi yonse. Monga ndinaganizira, kulemera konse kwa paipi kunali kutatsamira pa mabawuti awiri a pa injini. Imodzi inali itakhwefuka, ndipo kamphete ka mkuwa kotseka polumikizira kanali katapsa mbali imodzi. Ndipo pomwe pankachokera kaphokoso kaja. Tikanachedwa, mabawutiwo akanathyokera mkati kapena kuzula mazinga ake, ndipo kukonza mutu wa injini kumadya ndalama za milungu ingapo. Kenaka ndinapala mosamala milu ya chitsulo imene inatsala pa fulemu, n'kupukuta, n'kuyang'anitsitsa padzuwa ngati paipi ya fulemu yang'aluka. Mwamwayi inali yamoyo. Mapaipi a fulemu ndi opyapyala, ndipo kuwotcherera malo amodzi kawirikawiri kumawafooketsa, choncho ndinatsimikiza mtima kuti moto usafikenso pamenepo. Titachotsa chiduswa cha chopondapo chakale tinapeza mabowo awiri a mabawuti amene anaikidwa kufakitale. Mabowo amenewo ndiwo anakhala maziko athu, pakuti chitsulo chogwidwa ndi bawuti imodzi chimazungulira, pamene chogwidwa ndi awiri chimakhazikika.

Chotsatira chinali kupeza pamene sailensa iyenera kukhala. Tinabwezera paipi pa injini ndi kamphete katsopano, manati n'kungowamanga ndi zala, ndipo kumbuyo tinaichirikiza ndi njerwa kuti ikhale mmene ikufunira yokha. Lamulo lake n'lakuti bulaketi ipite kumene kuli paipi. Paipi isakokedwe mokakamiza kuti ipeze bulaketi, chifukwa ikatero imayamba moyo wake ili yotopa kale. Kenaka tinaika thumba la simenti la makilogalamu 50 pa kaliyala, mdzukulu wanga ndi mnzake anakwera n'kumadumphadumpha, ine ndili chogwada kuyang'ana. Mashoko akabwatama, gudumu limakwera pamodzi ndi foloko yake, nati ya pakati ndi ndodo ya buleki. Pamalo pamene mnyamata uja anaika sailensa, nati inkaikhudza njinga ikalemedwa. Tinaisuntha mpaka panatsala mpata wa zala ziwiri paliponse. Tinasamalanso kuti bulaketi isagwire pa foloko ya kumbuyo, poti foloko imayenda ndi gudumu pamene injini imayenda ndi fulemu.

Pamenepo ndinatumiza mwana kukatenga katoni yakale ndi sizasi. Mdzukulu wanga anadabwa, koma katoni ndiye mphunzitsi wotchipa: ukalakwitsa umangodula ina. Ndinadula chithunzi cha bulaketi cha ngodya zitatu, chotambalala kumtunda kumene kuli mabowo awiri a fulemu, chosongokera kunsi kumene kuli sailensa, ndipo ndinachifupikitsa mmene ndikanathera. Munthu akanyamula ndowa ya madzi pafupi ndi thupi amayenda nayo mtunda, koma akaitambasulira kutali phewa limalira msanga; bulaketi yaitali nayonso imatero. Titayeza katoni katatu ndi kukhutira, ndinajambula chithunzicho pa chitsulo.

Kusankha chitsulo nako kuli ndi nzeru yake. Anyamata amakonda chiduswa cha sipuling'i ya galimoto poganiza kuti n'cholimba, koma chitsulo chimenecho n'chouma ndipo chimang'aluka chikawotcheredwa. Ena amatola paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki, imene ikapsa imatulutsa utsi woyera wodwalitsa mutu ndi malungo. Ine ndinatenga chitsulo wamba chofewa, chochindikala mamilimita 4, chopanda dzimbiri. Magetsi kunalibe. Chaka chimenecho mvula inavuta, madzi anachepa kwambiri ku Kariba, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Choncho tinadula ndi sowo yamanja, titabwereka vaisi kwa mnansi wanga, Mubemba, amene mwa chimbuya chathu anati akundibwereka pokhapokha ndisaigwire ndi manja odyera mbewa. Ngodya zonse ndinauza mdzukulu wanga kuti azipale ndi tupa mpaka zikhale zozungulira ngati ndalama yachitsulo. Anatha maola awiri akutuluka thukuta, ndipo kawiri ndinamubwezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabowo tinaboola ndi choboolera chopukusa pamanja. Bowo lisayandikire m'mphepete: pa bawuti ya mamilimita 8, pakati pa bowo pakhale mamilimita 16 kapena kuposa kuchokera kumapeto kwa chitsulo. Bulaketi inafunika kupindika pang'ono kuti ilambalale shoko, ndipo tinaipinda kamodzi kokha, mozungulira kandodo kachitsulo, osati pa mlomo wakuthwa wa vaisi. Chitsulo chopindidwa n'kuwongoledwa n'kupindidwanso chimakhala chatha kale theka la moyo wake. Kumbuyo kwa popindikapo ndinakonza kanthiti, kachitsulo kakang'ono koimirira, kuti bulaketi isamavinire m'mbali.

Pa sailensa sindinawotcherere chogwirira chilichonse. Khungu lake n'lopyapyala ngati chitini, ndipo pamene mnyamata uja anawotcherera panali patang'ambika kale, moti tinayenera kuikapo chigamba. M'malo mwake tinapanga lamba wachitsulo, wotambalala mamilimita 25, wozungulira sailensa yonse n'kukumana pamwamba ngati makutu awiri. Lamba amagawa kulemera m'thupi lonse la sailensa m'malo mokoka pa kadontho kamodzi.

Mtima wa ntchito yonse unali pamene makutu a lamba akumana ndi bulaketi. Pamenepo tinakulitsa bowo n'kulowetsamo labala wozungulira, wa mtundu umene umakhala kumapeto kwa shoko, wokhala ndi kapaipi kachitsulo pakati. Bawuti imadutsa m'kapaipiko, mawashala otambalala amakhala uku ndi uku, ndipo ukamanga mwamphamvu chitsulo chimapanikiza chitsulo chinzake, labala osaphwanyika. Motero sailensa imagwidwa mosathawa, komabe ili ndi ufulu wosuntha mamilimita owerengeka pamene paipi yatalika, ndipo kunjenjemera kwambiri kumathera mu labala. Makutu a lamba tinawasiya aatali zala ziwiri kuti labala atalikirane ndi kutentha. Mdzukulu wanga atagwira n'kuona kuti ikusuntha pang'ono anandiyang'ana mokayika. Ndinamufunsa kuti pa mphepo ya mkuntho chimathyoka n'chiyani, nsungwi kapena nthambi youma, ndipo anangogwedeza mutu.

Magetsi anabwera cha m'ma 1 koloko usiku. Ndinamudzutsa, tinatulutsa makina, ndipo ndinawotcherera kanthiti ndi chigamba ndi ndodo za mamilimita 2.5 za mtundu wa 6013, pang'onopang'ono, ndikupumira kuti chitsulo chisapotoke. Zonse tinawotcherera patebulo, kutali ndi njinga. Ndikaona anyamata akuwotcherera njinga ili ndi petulo m'thanki mtima umandiwawa. Ngati palibe kuchitira mwina, thanki ichotsedwe n'kuikidwa kutali, batire limasulidwe pamodzi ndi kabokosi koyatsira injini, ndipo ana okonda kuonerera athamangitsidwe, poti kuwala kuja kumawotcha maso ndipo usiku mwana amalira ngati amuthira mchenga. Titamaliza, mdzukulu wanga anatenga madzi kuti azimitse kutentha, koma ndinamugwira dzanja. Powotcherera pakaziziritsidwa mwadzidzidzi pamatha kuuma n'kuyamba timing'alu. Tinasiya kuti mphepo ya usiku igwire ntchito yake.

Kutacha tinapaka penti n'kupita kukagula mabawuti. Ndinamuonetsa manambala olembedwa pamutu pake. Bawuti yolembedwa 8.8 ndi yachitsulo cholimba, choyenera pa galimoto ndi pa njinga; yopanda nambala ndi ya pa chitseko cha khola. Pa manati, alipo okhala ndi kamphete ka pulasitiki mkati koletsa kumasuka. Amenewo tinaika kumtunda pa fulemu, kumene kuli kozizira. Pafupi ndi sailensa pulasitiki imafewa, choncho tinaika manati awiri omangirirana. Pomanga tinatsata dongosolo: poyamba zonse ndi zala, kenaka manati awiri a pa injini mosinthanasinthana, kenaka bulaketi pa fulemu, ndipo lamba pomalizira. Woyamba kumanga kumbuyo amapotoza polumikizira kutsogolo, utsi n'kuyambanso kuthawa.

Chinatsala chinthu chimodzi chimene ndinaumirira ngakhale dzuwa linali litapendeka. Tinadula kachitsulo kopyapyala, tinakaboola timabowo tambiri, n'kukapinda kuti kaphimbe paipi pamalo onse pamene pamafika mwendo wa wokwera kumbuyo, titasiya mpata wa chala chimodzi pakati. Mpweya wodutsa mu mpatawo ndiwo umateteza khungu. Sailensa za kufakitale zimabwera ndi chophimba chotere, koma zonyezimira zogula padera zambiri zilibe, ndipo eni ake ena amachotsa dala poti chikuwaipitsira njinga. Titamaliza ndinaimenya sailensa ndi chibakera: inayankha ndi liwu limodzi lokhazikika, popanda kulira kwa zitsulo zogundana. Anaiyendetsa mpaka ku Masala n'kubwerera, tinadikira kuti izizire, tinamanganso manati, ndipo patatha mlungu tinabwerezanso. Kuchokera pamenepo yadutsa m'matope a dzinja ndi m'fumbi la chilimwe ikunyamula mazira tsiku ndi tsiku. Labala tasintha kamodzi. Bulaketi ndi yomwe ija.

Za mnyamata wowotcherera uja, poyamba a pabanja anafuna kukamukalipira. Ine ndinawaletsa. Mwanayo anaphunzira ntchito poonerera mnzake, amenenso anaphunzira poonerera wina, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti chitsulo chimatalika kapena kutopa. Muno m'Ndola tili ndi sukulu ya luso ya Northern Technical College, koma si makolo onse amene angathe kulipirira mwana kumeneko. Chonsecho m'Mushili, m'Lubuto, m'Kabushi ndi m'makomboni a ku Kitwe muli nkhalamba zambiri zimene zinaphunzitsidwa bwino m'migodi, kunjanji ndi m'mafakitale, ndipo zikungokhala pakhonde kudikira penshoni, nzeru zawo zikuchita dzimbiri pamodzi ndi masipanala awo. Ndinatumiza mawu kuti abwere adzaone. Anafika ali wamantha, anagwada pafupi ndi njinga kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Bambo, labalayu ndi wachiyani?" Kuyambira tsiku limenelo amabwera Loweruka masana pamodzi ndi mdzukulu wanga ndi anzawo awiri, ndipo katoni zakale pakhomo pano zasowa. Amisiri anzanga opuma ntchito, ana amenewa sakana kuphunzira, amaopa kufunsa. Tiyeni tiziwaitana ife.

Kwa inu amayi ndi atsikana amene mumakwera njinga zimenezi kupita kumsika, kuchipatala kapena kutchalitchi, pempho langa ndi lapafupi. Musanakwere, yang'anani kudzanja lamanja la njinga. Mukaona sailensa yomangidwa ndi waya kapena chingwe, kapena yopanda chophimba pamene pafike mwendo wanu, dikirani ina, ngakhale woyendetsa akhale mwana wanu wobereka. Kwerani ndi kutsikira kumanzere, pindirani chitenje kuti chisalendewere, valani chisoti, ndipo mwana wamng'ono amene miyendo yake sifika popondapo musamukhazike yekha kumbuyo. Kwa inu anyamata, m'mawa injini isanatenthe gwirani sailensa ndi dzanja n'kuigwedeza. Ikasuntha pang'ono mofewa, zili bwino. Ikagogoda, kapena mukaona kamzere ka dzimbiri m'mbali mwa powotcherera, kapena mwaye wakuda pamene paipi ikumana ndi injini, musanyamule munthu tsiku limenelo kufikira mmisiri ataiona.